Mwini Vinyo Walavula

Chaka chija Angelezi anali kalikiliki kukangana zotuluka m'gulu la mayiko a ku Ulaya, mwana wanga wamkazi anali kalikiliki kulowako. Anapeza mnyamata wa ku Jeremani kuntchito kwawo ku Nottingham, wamtali woti pakhomo panga ankachita kuwerama. Tsiku lina tikutsuka mbale kunyumba kwanga ku Wigston, pafupi ndi Leicester, mwanayo anangoti, m'Chizungu monga mwa masiku onse, "Amayi, tikukwatirana."

Mwana ameneyu ndinabwera naye kuno ali kumsana. Chichewa amamva bwinobwino, makamaka ukamamunena, koma kuyankha ndiye ayi. Umuponyere Chichewa, akubwezera Chizungu cha ku Leicester chija chomeza mawu.

Ine sindinakane. Mnyamatayo ndinali nditamuona kale. Amavula nsapato pakhomo, amadya chilichonse chimene wapatsidwa, ndipo anandikonzera boila la madzi otentha osamupempha. Koma ukwati savomereza ndi mayi. Bambo ake a mwanayu anatisiya tisanabwere kuno, ndipo ngakhale akanakhala moyo, kwathu mwini mbumba ndi malume. Malume akewo ndi achimwene anga a ku Evington, mkulu wa mpingo, amene mkati mwa sabata amayendetsa basi, Lamulungu n'kumayendetsa anthu.

Nditawafonera anatsokomola kaye, monga amachitira akafuna kuti mawu awo alemere.

"Chemwali, mzungu sindikumukana. Koma mwana sitipereka kwa mnyamata, timapereka kwa anthu. Ndiwaone kaye akwawo. Ndikapanda kukhutira, unkhoswe umenewo ine sindiimira."

Nditamuuza mwana wanga, sanakweze ndi mawu omwe. Anati malume akakana, iwo apita kuofesi ya khonsolo, akagwira anthu awiri odutsa mumsewu kuti akhale mboni, akasaina, basi. Chinkhoswe chanucho muzikavina nokha. Ndimamudziwa mwana wanga, akamalankhula motsitsa ndiye kuti wamaliza kuganiza. Ndinachita mantha, ndisaname. Mwana mmodzi yekhayo, akwatiwe ngati akukalembetsa galimoto, kenako awoloke nyanja ali ndi mkwiyo? Mwana wochoka atakwiya sabwerako msanga.

Kwa mnyamatayo kunatsala bambo ake okha, mayi ake anamwalira. Bambowo ndiziwatchula kuti asewele, ngakhale kuti tsiku limenelo usewelewo unali ukulendewera pa ulusi. Amalima mphesa paphiri lotsetsereka m'mbali mwa mtsinje, n'kumapanga okha vinyo woyera. Anatumiza uthenga woti Chizungu chawo n'chochepa, ndiye abwera ndi vinyo wawo pagalimoto kuti adzawalankhulire. Tidzalawe tonse, tisankhe wa paukwati.

Tsono achimwene samwa. Mpingo wonse ukudziwa kuti samwa. Ine ndi alamu anga tokha ndi amene timadziwa kumene kumathera kabotolo kaja amati n'ka mankhwala a chifuwa. Nditawauza za vinyoyo pafoni, anati, "Kulawa si kumwa."

Linali Loweruka masana, nyengo yotentha. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ndinapita ku Spinney Hill kukagula nkhuku ndi mpunga, ndinagula matambula a miyendo mushopu ya zakaunjika, ndinayala nsalu yanga ya patebulo imene imatuluka pa Khirisimasi pokha. Achimwene anafika atavala jekete ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo.

Asewele anatsika m'galimoto, munthu wamfupi, wonenepa, wofiira nkhope. Atapatsana moni wa m'manja, achimwene ananditsinzinira n'kunong'ona, "Manja awa ndi a khasu." Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati zayamba bwino.

Zinayamba bwino mpaka pakhomo penipeni. Achimwene ataona makatoni a mabotolo akulowa, anathokoza m'Chizungu chawo cha kutchalitchi chifukwa cha "gift" imeneyi. Asewele anaphulika kuseka. Anati m'chinenero chawo mawu amenewo satanthauza mphatso ayi, amatanthauza chiphe, poizoni. "Ndakubweretserani poizoni wambiri!" Anaseka mpaka kugwira mimba. Achimwene anaseka ndi mano okha.

Titakhala pansi, asewele anandipempha ndowa. Ndowa? Ndinaganiza kuti mwina sitima ya panyanja imene inawawolotsa ndi galimoto yawo yawasokoneza m'mimba, ndipo munthu wamkulu sumufunsa zimenezo pagulu. Ndowa ya mopu inali ndi madzi, ndiye ndinathamangira kubafa n'kutenga beseni langa lobiriwira, lija ndimaviikamo mapazi ndikaweruka. Ndinalitsuka, musandiyang'ane choncho, ndinalitsuka ndi sopo. Ndinaliika pansi pafupi ndi mpando wawo mwaulemu. Iwo analinyamula n'kulikhazika pakati pa tebulo, pa nsalu yanga ya Khirisimasi. Ndinayang'ana mwana wanga, iye ali phee, ngati beseni la mapazi patebulo ndi maluwa. Safunsa anadya phula, ine sindinafunse.

Anatulutsa botolo lalitali, la khosi lowonda, pepala lake lachita kuyuluka. Anati dzina la mphesa zake ndi Riesling, ndipo vinyoyu anamutsekera chaka chimene mwana wawo anabadwa. Mwamwambo amayenera kukhala womaliza, koma chifukwa cha ulemu wa malume ayambira yemweyo. Anathira pang'onopang'ono, kavinyo kongonyowetsa pansi pa tambula. Mtundu wake unali ngati mafuta ophikira. Anatiphunzitsa kugwira tambula pamwendo, kuizunguza, n'kulowetsamo mphuno.

Achimwene analowetsa mphuno, anaitulutsa msanga.

"Chemwali, tanunkhiza. Kodi mphuno yangayi ndi yomwe ija ndinachoka nayo kunyumba?"

Ndinanunkhiza. Mayo ine! Koloboyi weniweni. Ndinangoona ndili kamtsikana ndikuwerenga za mayeso, utsi uli m'maso.

Achimwene anakonza tayi n'kufunsa m'Chizungu, mwaulemu kwambiri, ngati n'kutheka kuti m'botolomo munagwera palafini. Asewele anadumpha pampando, anawomba m'manja. "Eya! Petulo! Malume ali ndi mphuno yabwino!" Anati vinyo ameneyu akakalamba bwino amatero, ndipo alendo ambiri sazindikira. Ananyadira ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Achimwene anangoti, "Chabwino."

Apa ndifotokoze kanthu, chifukwa ana a masiku ano sadziwa. Kwathu munthu akakupatsa mowa, kaya thobwa, amayamba ndi iye kumwa, pamaso pako, m'chikho chomwecho. Akameza ndiye amakupatsira. Anzathu a ku Zimbabwe a kutchalitchi kwathu amati kuchotsa ufiti. Sikuti ukumuganizira zoipa mnzakoyo. Ndi njira yake yonenera kuti, chimene ndikukupatsachi ndi changa, chikakhala ndi kanthu chiyambe ndi ine. Ine mpaka lero ngakhale skwashi ndimalawa ndisanapatse mlendo, ndipo mwana wanga ankandinena kuyambira ali kupulayimale kuti ndimagawira anthu majeremusi.

Ndiye ine ndi achimwene tinagwira matambula athu, tikudikira mwini vinyo.

Asewele anakweza tambula, anapsontha. Sanameze. Anayamba kuyendetsa vinyoyo m'kamwa, tsaya ili, tsaya ilo, akukoka mpweya m'mano, phokoso lake ngati sinki yotsekeka. Anatsinzina. Ife maso ali pakhosi pawo, kudikira kuti kholingo ligwedezeke. Kenako anawerama, n'kulavula zonse m'beseni langa. Psuu! Anapukuta pakamwa, anamwetulira, anatambasula dzanja kwa achimwene kuti, imwani.

Ndisanapume n'komwe, mnyamata uja naye anapsontha, anachukucha, psuu, m'beseni momwemo.

Abale inu!  Achimwene anatsitsa tambula yawo pang'onopang'ono mpaka inakhala patebulo osalira.

"Chemwali, tikaonane kukhitchini."

Khitchini yanga ilibe chitseko, ndipo achimwene kunong'ona sadziwa, anazolowera kukuwira anthu kuti asunthire kumbuyo kwa basi.

"Waona? Pakhomo atiuza okha kuti ndi poizoni. Ndanunkhiza palafini, avomera, awombanso m'manja. Amwa, alavula. Mwana wawo wamwa, walavula. Ndiye akuti ine ndimeze? Ine?"

"Achimwene, inunso! Munthu angawoloke nyanja ndi galimoto kudzapha dalaivala wa basi? Munawalakwira chiyani, munawasiya pasiteji?"

"Usandiyankhe choncho, ndine mkulu wako."

"Ukulu wake uti, wothawa tambula? Mwina ndi mwambo wawo!"

"Ndiye mwambo umenewo ndi umene ndikuukana." Apa mawu awo anatsika, ndipo ndinadziwa kuti zavuta. "Sindikuti akufuna kundipha. Ndikuti nyumba imene mwini wake amapatsa mlendo chinthu chimene iye sangameze, ine sindiperekako mwana wa mlongo wanga. Lero ndi vinyo. Mawa n'chiyani?"

Ndinayang'ana poto wa mpunga, ndinayang'ana mutu wawo, ndinapempha Mulungu kuti andigwire dzanja. Iwo anatuluka, anakatenga jekete lawo pampando, anayamba kulivala kuti atsanzike. Asewele ankangoyang'ana uku ndi uku, tambula ili m'manja, osadziwa kuti alakwa chiyani. Ine ndinayang'ana mwana wanga. Zonse anali atamva. Nkhope yake inali itauma, nkhope ya kuofesi ya khonsolo.  Ndinati basi, mwana uja wapita.

Anaimirira. Ndinaganiza kuti akukatenga makiyi a galimoto. Koma anazungulira tebulo, anatenga tambula ya malume ake, n'kugwada pakapeti, jinzi ili m'thupi. Mwana amene chikhalire ndinali ndisanamuonepo atagwadira munthu, amene ankati kugwada n'kwa anthu ofuna ndolo yotayika. Anagwira tambulayo ndi manja awiri, anamwa yonse, nkhope itakwinyika, anameza mpaka tonse tinamva. Anatambasula dzanja, anatenga botolo lomwe lija, anathiranso, nakweza tambulayo kwa malume ake.

"Malume," anatero, m'Chichewa. "Vinyo iyi ndi wathu. Ndameza. Ilibe chinthu. Imwani."

Chichewa chake chinali chokhota ngati msewu wa m'phiri, koma chinali Chichewa. 

Achimwene anaima choncho, dzanja limodzi lili m'jekete, lina lili panja.  Kenako anavula dzanja lija, anakhala pansi, analandira tambula ndi manja awiri, anamwa.  Anatafuna pakamwa popanda kanthu, anayang'ana kudenga.

"Palafiniyo ndi wa pamphuno pokha," anatero. "M'kamwa muli uchi ndi mandimu." Anakankha tambula. "Auze athireko, koma asamachite ngati akuthira mankhwala a m'maso."

Mwana wanga anamufotokozera mnyamata uja, mnyamatayo anafotokozera bambo ake m'Chijeremani. Asewele anafiira, anayera, anafiiranso. Anagwira mutu. Anati kwawo polawa vinyo wambiri amalavula kuti mutu usazungulire, lilime likhale maso mpaka botolo lomaliza, ndipo iwo akhala akulavula moyo wawo wonse osadziwa kuti kwina n'kutukwana. Ananyamula beseni lija ndi manja awiri n'kundipatsa akupepesa, ati aipitsa mbale yanga yokongola. Ndinalandira mwaulemu. Ntchito yeniyeni ya beseni limenelo sakuidziwa mpaka lero, ndipo amene adzawauze adzandiona.

Kenako anaimirira, anaika dzanja pamtima, nalumbira kuti botolo lililonse limene atsegule, ayamba ndi iwo kumeza, tambula yodzaza, malume akuona. Achimwene anavomereza ndi mutu ngati akulandira munthu wolapa.

Mabotolo aja anali ambiri, anthuni.

Lotsatira anati ndi "trocken", kutanthauza kuti wouma. Ine ndinafunsa kuti chinthu choti chikuchucha chingaume bwanji. Anati ndiye kuti mulibe shuga. Achimwene anati kwathu wouma ndi munthu womana, ndiye dzinalo n'loona, vinyoyu anamanidwa shuga. Asewele anameza, achimwene analawa, milomo inasonkhana pamodzi.

"Uyu ndi bwemba. Akumanga m'kamwa. Uyu muzipatsa anthu otalikitsa zolengeza kutchalitchi."

Mwana wanga ankamasulira, asewele akugwedeza mutu mwachidwi, akufunsa kuti bwemba n'chiyani, ndipo amapezeka kuti. Wina anali wouma theka, achimwene anati ameneyo ndi munthu wopanda mbali, pamlandu sangakuthandize. Wina ananunkhira maapozi osapsa, ine ndinati akufuna nsomba yokazinga pambali, asewele anandigwira dzanja ati ndalankhula ngati malemu akazi awo. Wina ndinangoti ndi madzi otsukira mandimu, ndipo mwana wanga anakana kumasulira.

Kenako kunabwera wotsekemera. Asewele, amene tsopano anali atamasula mabatani a malaya, anafotokoza kuti mphesa zake amazisiya mumtengo anzawo atakolola kale, mpaka zinyale, ndiye shuga amachuluka. Achimwene anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwenikweni.

"Ndiye kuti munachedwa kukolola, ulesiwo mwaupezera dzina!"

Kenako analawa. Anati ndi masuku, aja otola m'mawa mame asanakamuke, aja tinkadya popita kusukulu mpaka malaya kumata. Ndinalawa nanenso. Analidi masuku. Ine ndi achimwene tinayang'anana, ndipo kwa kanthawi tinaiwala kuti tili ku Wigston, kunja mabasi akudutsa.

Lomaliza linali botolo lonenepa, lomangidwa ndi waya kukamwa. Asewele anati ameneyu ndi wa thovu, wa zikondwerero, dzina lake Sekt. Achimwene anamva ngati mawu a Chizungu aja onena za mipingo yampatuko, ndipo anadzuka theka pampando.

"Auze kuti ine ndine wa mpingo wodziwika. Zampatuko sindilowa nawo."

Titawakhazika pansi, asewele anamasula waya, anagwira chotsekera ndi chikhatho, anapotoza botolo mosamala mpaka linangoti fuu, ngati munthu wopuma. Anati katswiri amatsegula choncho, mopanda phokoso. Achimwene anakhumudwa poyera. Anati paukwati wa mwana wa mlongo wawo botolo lizilira, mpaka anthu a tauni yoyandikana ya Oadby amve. Asewele, amene anali atameza tambula yodzaza pa botolo lililonse, anati palibe vuto. Anatenga lina, analikhutchumula, analozetsa kudenga. Chotsekeracho chinaswa babu langa, thovu linathera pa nsalu ya Khirisimasi, ndipo madoda awiri aja anakumbatirana ngati timu yawo yagoletsa.

Pofika madzulo, dzuwa likadali pamwamba monga limachitira kuno nthawi yotentha, asewele anali atavula nsapato ndi sokosi, akuimba nyimbo za kwawo, achimwene akuwathira besi osadziwa mawu ake. Mnyamata uja anandinong'oneza kuti chibadwire sanawaonepo bambo ake ataledzera ndi vinyo wawo yemwe. Ndinafonera alamu anga kuti adzatenge katundu wawo, ndipo abwere pa takisi chifukwa galimoto ya achimwene igona konkuno.

Asanatuluke, achimwene anaimirira atagwira mpando, anatsokomola kutsokomola kwawo kuja.

"Unkhoswe ndiimira ine. Anthu awa ndawaona. Munthu wolakwa n'kubweza pomeza mabotolo onsewa, ameneyo ndi munthu. Paukwati pakhale wa thovu uja ndi wa masuku uja. Wa palafini asungire akuluakulu. Koma beseni lisadzapezeke."

Ndinalulutira mpaka galu wa aneba anauwa.

Onse atapita, asewele atawagoneka pasofa, ndinatsala ndekha ndikutsuka matambula. Ndinali wokondwa, chinkhoswe changa ndinali nditachipeza. Koma panali kanthu kena kakundibaya, ndipo ndinakapeza nditafika pa tambula ya achimwene. Anali mawu aja. Vinyo ndi wathu. Zaka zonsezi, m'nyumba imeneyi, "wathu" anali ine ndi iye. Mpunga wathu, boila lathu, mavuto athu. Ndinadikira kuyambira ali wamng'ono kuti adzandiyankhe m'Chichewa, ndipo tsiku limene anatsegula pakamwa, anatsegula kuti atiuze kuti iye ndi wa nyumba ina. Sanalawe ngati mwana wothandiza alendo. Analawa ngati mwini wake. Walira mvula walira matope, ndinalira ndithu, madzi a pasinki akutuluka kuti asandimve.

Chinkhoswe chinachitika, tinavina mpaka mawondo anandikana. Ukwati unachitika, mabotolo analira, achimwene anauza mpingo kuti amangolawa. Chaka chotsatira anawo anasamukira ku Jeremani kukathandiza asewele paphiri paja, ndipo nditapeza holide ndinakawaona.

Nditafika, mwana wanga anandikhazika pakhonde loyang'ana mizere ya mphesa. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo la wa masuku uja ndi tambula imodzi. Anathira. Mosaganiza n'komwe, akundifunsa za ulendo m'Chizungu chake chomeza mawu, anakweza tambulayo, anamwako, anameza, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinanyada kwambiri, ndipo zinandipweteka kwambiri. Anachita zonse bwinobwino monga ndinkachitira ine. Koma munthu salawira wa m'nyumba mwake, amalawira mlendo.

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, ndinamwa.